Kabokosi Kamene Kankalowa ndi Usipa

Fauzia, mwana wanga woyamba, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndipo akadali pasukulu. Anzake amene ankasewera nawo phada pano pa Ngala, ana awo ali sitandade folo. Ine sindidandaula. Kungoti ndinatopa n'kuyankha anthu.

Digiri anamaliza ku Blantyre. Tinapita, tinalulutira, tinajambulitsa. Ndinkati basi zatha. Chaka chisanathe anabwera n'kunena kuti wapeza malo a digiri yachiwiri, imene amati masitazi, ndipo pali bungwe limene limulipirire zaka ziwiri. Ndinamufunsa ngati yoyamba ija anamupatsa yosakwana. Anangoseka.

Amaphunzira zamagetsi, koma osati magetsi okwera nawo pamapolo. Ndi aja a m'kati mwa foni ndi wailesi, timawaya tonga tsitsi ndi tizitsulo tonga mpunga. Anthu kuno anangomva mawu oti magetsi, ndiye akabwera patchuthi khonde langa limadzaza ndi matochi akufa. Zainab, mnzanga wa thandala loyandikana ndi langa, amamutcha injiniya wa matochi.

Ine ntchito yanga ndi usipa. Ndimagula kwa asodzi m'mawa, n'kuuyanika pathandala, n'kudikira dzuwa lichite mbali yake. Ukauchotsa msanga umaolera m'thumba usanafike ku Kasungu. Ukauchedwetsa umafumbutuka, mitu payokha, ndipo wogula amakutembenuzira msana. Nzeru yonse ili pamenepo. Ndauchita zaka makumi atatu ndipo palibe anandipatsa pepala.

Kumayambiriro kwa Seputembala Fauzia anafika ndi kabokosi kotuwa, kukula kwake ngati njerwa, kasola kakang'ono pamwamba. Anati wakapanga yekha, kuyambira kujambula mpaka kuwotcherera, ndipo masitazi yake yonse ili m'menemo.

"Kamachita chiyani?" ndinamufunsa.

"Kamamva kutentha, chinyezi ndi mphamvu ya dzuwa. Pakatha mphindi zisanu zilizonse kamalemba pakakhadi kali m'katimu. Kakaphunzira bwino, tsiku lina kazidzatumiza uthenga pafoni kuti usipa wauma."

"Ine ndilibe manja?"

"Amayi, inu muli nawo. Nanga amene angoyamba kumene? Nanga amene ali ndi mathandala khumi?"

Anakamangirira ndi waya pakona ya thandala langa. Kenako anandipatsa kope ndi bolopeni.

"Ziwiri zokha, amayi. Choyamba, kabokosika musakakhudze, kamagwira ntchito kokha. Chachiwiri, tsiku lililonse muzilemba nthawi imene mwayanika ndi nthawi imene usipa wauma. Popanda zimenezo kabokosi sikangaphunzire kanthu. Ndibwera pakatha milungu isanu ndi umodzi."

Ndinavomera. Minibasi inali ikuimba kale hutala kumsewu.

Kope ndinalemba masiku atatu. Amene sanagwirepo usipa angandiweruze, koma ayambe wayesa kufufuza bolopeni manja ali mamba okhaokha, mabeseni anayi akudikira, ntchentche zafika kale. Tsiku lachinayi ndinati ndilemba madzulo. Madzulo nthawi ndinali nditaiwala. Sabata isanathe kope lija linapezeka m'thumba la Sufiyani, bambo ake a Fauzia, amene amasoka zovala pa Dwangwa. Anali atayamba kulembamo miyeso ya anthu.

Za kabokosi ndi zina. Pathandala pakakhala nsomba pamakhala maso. Masana tilipo ife, ndipo usipa ukagona panja timaufunditsa pepala la pulasitiki, amuna n'kumasinthana kulondera. Koma usipa ukachoka, thandala ndi la aliyense: mbuzi, akhwangwala, odutsa. Sitisiyapo kanthu, ngakhale chingwe. Amayi anga anandiphunzitsa choncho, ndipo aliyense pagombe pano amatero.

Tsiku loyamba lenilenilo nditaolera usipa wonse, ndinaima n'kukayang'ana kabokosi kali kokhakokha pathandala lopanda kanthu, kasola kake kakunyezimira ngati kakuitana wakuba. Zaka ziwiri za mwana wanga zigone panja? Ndinamasula waya uja, n'kukaika pamwamba pa beseni lomaliza, n'kulowa nako. Ndinakakulunga m'chitenje n'kukaika m'sutikesi ya pansi pa bedi, mmene mumakhala satifiketi yake yoyamba ija. M'mawa poyanika ndinakabwezera pamalo pake. Sindinakatsegule, sindinadine paliponse. Kwa ine kumeneko sikunali kukhudza.

Ndinachita zimenezi milungu yonse isanu ndi umodzi, ndipo ndinkagona tulo tabwino.

Fauzia anafika pakati pa Okutobala, Lachiwiri chakum'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma. Usipa unali pathandala, kabokosi kali pakona pake. Anakapukuta fumbi ndi mpango wake asanandipatse n'komwe moni wokwanira.

Nkhani ya kope ndinayamba ndine, kuti ithe. Anatsegula n'kupeza masiku atatu a ine, kenako chiuno cha munthu, mapewa a munthu, kutalika kwa mkanjo. Anatseka maso kanthawi.

"Chabwino. Ndiona chochita. Bola kabokosi."

Anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, n'kutulutsa kakhadi kaja, n'kukalowetsa mulaputopu. Ine ndinamupangira tiyi. Pobwera ndi kapu ndinapeza nkhope yasintha.

"Taonani apa, amayi." Anandionetsa mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri. "Mzere uwu ndi dzuwa. Likukwera bwinobwino, ndiye wani koloko masana lazima. Zii. Mawa lake lazima fili koloko. Tsiku ili silinatuluke n'komwe. Dzuwa la Okutobala lingazime masana?"

Ndinadziwa pompo kuti ndi sutikesi ija. Koma ndinali nditangotuluka kumene mu mlandu wa kope, ndipo ndinaganiza kuti mwana wophunzira chotere akonza yekha. Ndinati, "Imwa tiyi, akuzizira."

Sanamwe. Anamasula kabokosi, n'kutulutsa zida zake, n'kuyamba kuyeza kawaya kalikonse. Anakaika padzuwa, kankagwira. Anakagwedeza, kankagwira. Anakawotchereranso mwina ndi mwina mpaka anadziwotcha chala. Lachitatu lonse linapita choncho. Mpunga ndinamuikira pambali, unadyedwa ndi nkhuku.

Bambo ake atabwera kuchokera ku Dwangwa anamufunsa kuti zikavuta ndiye zitani.

"Pa sate mwezi uno ndikaimirira pamaso pa aphunzitsi asanu kuonetsa kuti chipangizochi chimagwira," anatero Fauzia. "Ngati chimazima chokha ndipo sindikudziwa chifukwa, ndiye kuti ndinalakwitsa popanga. Andiuza kuti ndipange china, ndidikire chilimwe cha chaka chamawa. Bungwe lija limasiya kundilipirira mu Disembala. Ndiye kuti basi, ababa."

Sufiyani anandiyang'ana. Sutikesi ija amaidziwa, amagona pamwamba pake. Mwamuna ameneyu nkhani zovuta amazisiyira ine kuyambira tsiku la ukwati wathu.

Lachinayi m'mawa ndikuyanika, Zainab anabwera kudzaima pafupi, manja m'chiuno.

"Amake Fauzia, injiniya uja akuonda tikuona."

"Ndi sukulu."

"Sukulu yake iti? Ine ndimakuonani tsiku ndi tsiku mutasenza kanthu kaja ngati mwana wa mfumu. Mwamuuza?"

"Yanikani usipa wanu, Zainab."

"Wanga ndayanika kale. Mukachedwa ndikamuuza ndine, ndipo ine ndikathirako mchere."

Akanachitadi. Ndinasamba m'manja n'kupita kumtengo wa mango. Fauzia anali atagwira foni, akuti akangoswali pemphero la masana aimbira a Dokotala, aphunzitsi amene amayang'anira ntchito yake, kuwauza kuti chipangizo chalephera.

"Taika foniyo pansi," ndinatero. "Kabokosi kako kalibe vuto. Dzuwa silimazima. Ndimakalowetsa m'nyumba."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chiarabu.

"M'nyumba?"

"M'sutikesi."

"M'sutikesi." Anabwereza pang'onopang'ono. "Amayi, ndinati musakakhudze."

"Sindinakatsegule."

"Ndinati musakakhudze! Masiku awiri ndakhala pano ndikudziyesa chitsiru, inu mukundibweretsera tiyi!"

"Ukanakonda ndikubweretsere waya wokhawokha, kabokosi katapita? Kasola ka pa mjigo anakazula masana anthu akuona. Iwe unakulira pano. Unaonapo ine nditasiya chinthu pathandala lopanda nsomba?"

"Ndiye mukanandiimbira foni!"

Pamenepo analondola. Za masiku awiri aja ndinapepesa. Za sutikesi sindinapepese.

Analira pang'ono, kulira kwa mkwiyo, akupukuta ndi chala chowotchedwa chija. Ine ndinakhala pamphepete pa mkeka n'kumadikira. Kenako anakokera laputopu pafupi, poti mwana ameneyu ngakhale akwiye sasiya kufunsa.

"Nanga apa? Pa 27 Seputembala. Dzuwa palibe tsiku lonse, koma kutentha kwangoima pamodzimodzi ngati thupi la munthu."

Ndinawerenga masiku. "Linali Loweruka? Kunali chikwati cha mwana wa Amiri ku Dwangwa. Tonse tinapita, nyumba inatsala yokha. Ndinakamangirira m'chiuno, mkati mwa chitenje."

"Kanapita ku chikwati."

"Kanavina nawo."

Anayesa kudziletsa koma zinakanika. Anaseka mpaka anagona chagada pamkeka, misozi ikadali m'masaya. Zainab ali kuthandala anakuwa kuti, "Mwamuuza za ku chikwati?"

Atadzuka anayang'ananso mizere ija nthawi yaitali. Ndinaona milomo ikuyenda, akuwerenga chamumtima.

"Amayi, chifukwa chiyani nthawi yake imasinthasintha? Lero wani koloko, mawa fili koloko. Apa kanagona panja masiku awiri."

"Nanga usipa umauma nthawi imodzi? Masiku awiriwo kunali mitambo."

"Ndiye mumakalowetsa nthawi yanji kwenikweni?"

"Usipa ukauma. Kamakwera pabeseni lomaliza."

"Nthawi zonse?"

"Ndingakalowetse bwanji usipa ukadali panja? Ndiyende kawiri chifukwa chiyani?"

"Kutulutsa?"

"Poyanika. Ndimayamba kukamangirira, kenako n'kukhuthula beseni loyamba."

"Simunaphonyepo? Ngakhale tsiku limodzi?"

"Iwe, ndili ndi ntchito. Funsa zimene ukufuna."

Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kope lija. Anatsegula tsamba loyamba, pamene panali masiku anga atatu, n'kuika chala china pakope, china palaputopu. Tsiku loyamba ndinalemba kuti usipa wauma 1:40. Dzuwa la kabokosi linazima 1:55. Tsiku lachiwiri ndinalemba 2:15, linazima 2:30. Lachitatu chimodzimodzi, kusiyana kwake kotala ya ola.

"Kuolera kumakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Thandala limodzi? Sindinayezepo. Madzi a tiyi amakhala asanawire."

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Amayi, kope lija mwalemba. Masiku onse makumi anayi ndi awiri, kuchotsapo la chikwati. Paliponse pamene dzuwa lazima, ndi inu mukunena kuti wauma."

Ine sindinaone chodabwitsa. Koma nkhope yake inali itabwerera, ndiye ndinapita kukatenthetsa mpunga.

Tsiku limenelo sanaimbe foni. Anati ayambe waona ndi maso ake. Anakhala nane pathandala kuyambira masana, wotchi m'manja, ngati woyang'anira mayeso. Nthawi itakwana ndinatola kausipa kamodzi pakati pa thandala, pamene pamachedwa kuuma, n'kukapinda. Kanapindika osathyoka. Ndinakabwezera. Patapita kanthawi ndinatola kena, kanathyoka kuti thyo, m'mimba mwake mouma. Ndinapititsa dzanja pamwamba pa usipa wonse, unalira ngati masamba ouma.

"Basi," ndinatero.

"Mwadziwa bwanji?"

"Wamva wekha."

Anandifunsa mafunso mpaka ndinamuuza kuti agwire beseni, pakamwa papume.

Lachisanu m'mawa ndi pamene anaimbira a Dokotala. Anaika foni poti tonse tizimva. Analankhula Chingerezi chambiri, koma mawu oti sutikesi ndinawamva, ndipo kuseka kwa bamboyo sikunafune womasulira. Kenako anati akufuna alankhule ndi ine.

"Mayi, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti chipangizo chathu mumachisamala kuposa ife."

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Ndinkaopa akuba, bambo."

"Munachita bwino kuopa. Ifenso sitinaganize za akuba, ndipo chipangizo chimene sichingakhale pagombe popanda sutikesi sichinathe kupangidwa. Koma pali chimodzi chimene mwatiwonongera, ndisakubisireni."

Anafotokoza bwinobwino. Fauzia ankayeneranso kuonetsa kuti kabokosi kangathe kukhala panja mwezi wathunthu, padzuwa ndi pamame, batire osatha. Zimenezo sizinaoneke, poti theka la moyo wake kanakhala m'chitenje. Anati pa sate apite ndi zimene ali nazo, n'zokwanira kuimirira nazo, ndipo anene zoona zake za sutikesi. Koma kabokosi kabwerere pathandala mwezi wina, ndipo zotsatira zake zifike Disembala isanathe.

"Mwezi wathunthu, mayi. Ngakhale kukhale chikwati."

Ndinamuyang'ana Fauzia. Ngakhale za chikwati anawauza.

Loweruka anakwera minibasi ndi bambo ake kupita ku Dwangwa, n'kubwera ndi kakhola ka zitsulo kowotcherera, kokhala ndi loko. Anakakhomerera pamtengo wa thandala ndi mabawuti anayi. Pambali pa kabokosi anaboola n'kuikapo batani lofiira lotulukira kunja, lalikulu ngati chitsekerero cha botolo.

"Poyanika dinani kamodzi. Ukauma dinani kawiri. Ngakhale ndi chigongono, ngati manja ali ndi mamba."

"Bwanji sunaike batani limeneli poyamba pomwe, m'malo mondipatsa kope ngati mwana wa sukulu?"

"Funso limenelo akandifunsanso pa sate," anatero.

Kiyi wa loko anapita naye ku Blantyre. Ndinamupempha kuti asiye mmodzi, mwina pangachitike china chake. Anati chimene chingachitike ndi ine.

Pa sate anaimba foni chakumasana. Anati anamupanikiza maola awiri, mmodzi wa aphunzitsiwo anafunsa ngati dzanja la mayi mmodzi lingakhale muyeso, iye n'kuyankha kuti ogula a ku Kasungu akhala akuliyesa zaka makumi atatu. Anamuuza kuti apitirize, koma awonjezere amayi ena. Ndiye pano kabokosi kachiwiri kali pathandala la Zainab, amene amadina batani ngati akupha nsikidzi. Sakumutchanso injiniya wa matochi. Akuti injiniya wathu.

Mwezi uja unatha, kabokosi kali panja. Masiku oyamba ndinkati ndikalowetsa beseni lomaliza, n'kubwereranso kukagwedeza loko. Mvula yoyamba inakanyowetsa, sikanafe. Fauzia anabwera kudzatenga kakhadi, n'kuikamo zina zimene anati ndi zomwe kaphunzira, pamodzi ndi simu khadi. Zolemba zake anapereka Disembala isanathe. Akuti chikondwerero chidzakhala chaka chamawa, ndipo bambo ake ayamba kale kundisokera diresi. Miyeso yanga ili m'kope lomwe lija.

Dzana dzuwa linawala bwino pakati pa mvula. Ndili pakhonde kusankha mpunga, foni inalira. Uthenga: usipa wauma. Ndinasiya lichero n'kupita kuthandala. Ndinatola kamodzi pakati, n'kukapinda. Kanapindika.

Ndinabwerera kukamaliza mpunga wanga. Kenako ndinapitanso, kanathyoka, ndinadina kawiri, n'kuolera. Nditalowetsa zonse ndinamuimbira.

"Kanthu kako kakufulumira."

"Ndi mphindi zingati, amayi?"

"Mpunga theka la lichero."

"Amayi, mphindi."

"Makumi awiri, kaya. Kunali chinyezi cha mvula ya dzulo, iko sikakudziwa zimenezo?"

"Kanaphunzira chilimwe chokha. Dzinja ndi loyamba lino. Munadina?"

"Ndinadina."

"Ndiye kamva. Muzingokadzudzula choncho."

Ndinamufunsa ngati wadya. Anati adya akamaliza zimene akuchita. Ndinamuuza kuti adye kaye, n'kudula foni, poti mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Bua ndipo zovala zinali pachingwe.